Masamba pa Njira ya ku Soche

Ndinayamba kuthamanga ndili munthu wamkulu kale, imvi zitamera m'ndevu. Sikunali kufuna kwanga. Kuchipatala anandipeza ndi matenda a shuga, ndipo adokotala sanandibisire kuti mpando wa mu ofesi ukundidya pang'onopang'ono. Nditawafotokozera achimwene anga, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundigogoda pamimba ndi chala.

"Ichi n'chimimba cha misonkhano ya kutchalitchi," anatero. "Pemphero lalifupi, tiyi wautali. Loweruka m'mamawa ndikupeza. Ukagule nsapato pa kaunjika, usandibwerere ndi zonyezimira zako za pa Sabata."

Tinabadwa awiri okha m'mimba mwa mayi athu, iwo oyamba. Ntchito yawo inali ya mipope, ndipo nyumba zambiri za ku Soche ndi ku Zingwangwa zinkawadziwa ndi chikwama chawo cha masipanala. Ankakhala ndi akazi awo m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kumene nyumba zimathera, pamene ine ndi banja langa tinali ku Chitawira. Kuthamanga anakuyamba ali mnyamata ndipo sanakusiye. Kutchalitchi ndiye ankaonekako pa Khrisimasi, pa Pasaka ndi pamaliro, ndipo zimenezi zinkandivutitsa mumtima kuposa mmene iwo ankadziwira.

Blantyre sachitira chifundo munthu wothamanga. Ukaona msewu ukutsika usakondwere, chitunda chikukudikira kutsogolo. Masabata oyamba ndinkangomva wefuwefu wanga ndi kugunda kwa mtima m'makutu, iwo ali patsogolo n'kumayankhula ngati akhala pampando. Tinkachoka pa Chitawira kudzera pa Ginnery, n'kukhotera ku Mandala kumene kuli nyumba yakale yosanja ija, ya khonde lozungulira, imene anamanga amalonda oyamba aja. Kuchoka apo tinkatsikira ku Mudi, n'kudutsa pa chipilala cha wotchi cha m'tauni, n'kukwera mpaka pa tchalitchi chakale cha njerwa cha ku mishoni. Pamenepo achimwene ankagwira khoma n'kumawongola miyendo.

"Ona njerwa izi," ankatero. "Anaumba ndi anthu akuda ngati iwe ndi ine, opanda makina. Mpaka lero sizikusuntha. Iwe wangokwera kachitunda kamodzi, ukufuna ambulansi."

Loweruka lina tikutsika ku Zingwangwa, ndinali nditaweramitsa mutu, maso ali pa nsapato zanga, pamene ndinamva dzanja likundikoka malaya kumbuyo. Patsogolo panga panali masamba aawisi oyalidwa modutsa msewu. Mwambowo ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana. Pakagwa maliro, anthu amathyola nthambi n'kuyala pamsewu, mbali ino ya nyumba ya siwa ndi mbali inayo, ndipo wanjinga amatsika n'kuikankha, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono atazimitsa wailesi. Koma sizinandibwerere m'mutu kuti wothamanga nayenso ali ndi gawo lake. Ndikanawalumpha masambawo ngati ngalande.

Achimwene anavula kapusi, naika manja kumbuyo. Tinayenda mwakachetechete, thukuta likutsika, amuna atakhala pa mabenchi m'mbali mwa msewu, amayi akuimba chapansipansi m'nyumba. Titadutsa masamba achiwiri anavalanso kapusi yawo.

"Mnzathu wagonayo wakupatsa mpumulo," anandinong'oneza. "Umuthokoze. Tiye."

Njira ya ku Limbe inali yaitali. Tinkakwera ku Chichiri, kudutsa pa chipilala cha ufulu, n'kulowera ku Kanjedza kumene mitengo ya bulugamu imatseka dzuwa. Tsiku loyamba kudutsako ndinadabwa kuwaona akusiya kuthamanga pamalo popanda tsamba ndi limodzi lomwe, kapusi ili m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku, osaona nyumba ya maliro.

"Wayiwala?" anandifunsa. "Bambo anatsekeredwa kuno."

Sindinayiwale, koma ndinali ndisanaganizepo kuti ndi pamalo pamene munthu angathe kupondapo ndi phazi. Bambo athu anali m'gulu la anthu amene atsamunda anawatsekera ku Kanjedza dziko lino lisanalandire ufulu. Anatulukako amoyo, koma sankakonda kukamba za kumeneko. Chimene tinamva kwa iwo ndi kuzizira kwa pansi pamene ankagona, ndi fungo la bulugamu limene sanalifunenso pakhomo pawo mpaka imfa yawo, ngakhale pa nkhuni. Kuyambira tsiku limenelo, tikafika pamenepo tonse tinkayenda.

Koma njira imene achimwene ankaikonda inali ya kwawo. Tinkadutsa pa Kamba, n'kuyamba kukwera, phula n'kutha, msewu wafumbi n'kusanduka kanjira ka pakati pa nyumba. Kanjirako kankadutsa pakhomo pawo penipeni. Alamu anga, akazi awo, ankakhala akusesa panja nthawi imeneyo, asanapite ku Limbe kumene ankasoka zovala. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, ndipo miyezi yozizira chifunga chikatsika m'phiri ndi kamvula kowaza kaja, achimwene sankalephera kuwaputa.

"Mayi, akwanu atitumiziranso chiperoni."

"Mukanauma popanda ife," alamu ankayankha osadzutsa mutu. "Musawaphe alamu angawo m'phirimo, ali ndi ana."

Alamuwo Mulungu sanawapatse ana, ndipo ankazinena zimenezi mosawawidwa mtima, ngati munthu amene anagwirizana nazo kale ndi Mwini wake.

Pamwamba pa Soche pali miyala yoti ukakhalapo mzinda wonse uli pansi pa mapazi ako: Ndirande uko, Michiru uko, madenga a Limbe akung'anima, ndipo kukayera bwino Mulanje amaoneka chapatali ngati mtambo wouma. Ine ndinkagwada pamenepo. Ndinapeza kuti munthu amene wakwera phiri ndi mapapo ake sachulutsa mawu pamaso pa Mulungu. Ndinkatchula akazi anga, ana anga, odwala a mumlaga wa mpingo wathu, kenaka achimwene, amene anali ataima pambali panga akudumphadumpha kuti thupi lisazizire.

"Wanditchula?" ankafunsa ndikadzuka.

"Ndakutchulani."

"Basi, zikwanira tonse awiri. Tiye, thukuta likuuma."

Kuno tilibe nyanja yamchere, koma mphepo yake imatipeza. Chiperoni chimachokera kumeneko, ndipo namondwe wamkulu amene anagwera mzinda wathu chaka china anachokeranso komweko. Mvula inagwa masiku angapo osapuma, usana ndi usiku, mpaka makoma a nyumba anayamba kutuluka madzi ngati thukuta. Alamu analephera kubwerera kunyumba, misewu itasanduka mitsinje, ndipo anagona kwa mng'ono wawo ku Kanjedza. M'mawa mwake achimwene anandiimbira foni. Ndinawapempha kuti atsike, adzakhale kwathu kufikira mvula itakata.

"Ndikutsegula ngalande kuseri kwa nyumbaku," anatero. "Madzi ndimawadziwa ine, ndi ntchito yanga. Iweyo ungopemphera kuti denga lako lisadonthe."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva. Tsiku lomwelo phiri linang'ambika. Akale ankati napolo wadutsa. Matope, miyala ndi mitengo zinatsika pamodzi, n'kusesa nyumba zonse za mbali imeneyo.

Za masiku otsatirawo sindilemba zambiri. Tinakumba ndi makasu, ndi mafosholo, ndi manja. Ndinalowa m'nyumba yachisoni kambirimbiri, kuvundukula nsalu pankhope za anthu amene sindinkawadziwa, n'kuwaphimbanso mopepesa. Ambiri anapezeka. Achimwene sanapezeke.

Patapita masabata, akuluakulu a kwathu anabwera ku Chitawira, kumene alamu tinali titawatenga kuti azikhala nafe. Anati tichite monga mabanja ena ankachitira: tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsalu, tiliike m'manda m'malo mwa thupi, kuti anthu alire ndipo mtima ukhale pansi. Ineyo nkhani ya nthochiyo sinandikhale bwino, pakuti sindinaone mmene ndingaimire pamanda n'kuimbira mtengo nyimbo za kuuka kwa akufa. Komabe maliro ndinkawafuna. Ndinali wokonzeka kuvomera.

Alamu anali atakhala pamphasa, korona yopempherera ili m'manja. Anadikira kuti amuna onse amalize.

"Mwawaona?" anafunsa. "Alipo mwa inu amene wawaona atagona?"

Anaika korona ija pamiyendo, napitiriza.

"Kwathu zinachitikapo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki atsibweni anga anasowa. Tinadula nthochi, tinalira, tinameta. Patapita zaka anatulukira pakhomo, ali ndi kathumba paphewa. Anthu anathawa. Akazi awo anali atakwatiwa kwina. Mpaka imfa yawo yeniyeni panalibe wofuna kudya nawo mbale imodzi, ankati ndi munthu wa kumanda. Ine sindikwirira munthu amene sindinamuone." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu mumawerenga Malemba kuposa ine. Nkhalamba ija ya m'Malembamo, imene anaionetsa malaya a mwana wake ali magazi okhaokha, inalira zaka zambiri. Mwanayo sanapezeke ali moyo kudziko lina?"

Nkhani imeneyo ndinaiphunzitsapo ana a Sande sukulu kangapo konse.

Choncho masamba sanayalidwe pamsewu uliwonse chifukwa cha achimwene. Anthu ankabwera kudzatizonda, koma osadziwa mawu oti anene. Amayi a kumpingo kwathu anafika ndi zitenje zawo, anakhala pakhonde, wina anayamba nyimbo ya maliro, mnzake n'kumugwira pabondo, nyimboyo n'kufera pakamwa. Anamwa tiyi, napita.

Chimene sindinauze munthu nthawi imeneyo n'chakuti pemphero langa linaima. Ife a mpingo wathu timapempherera amoyo. Akufa sitiwapempherera, timawasiya m'manja mwa Mulungu amene waweruza kale mwachilungamo ndi mwachifundo. Alamu, pokhala Mkatolika, analibe vuto limeneli. Korona yawo inkayenda m'zala madzulo alionse, ndipo kaya amuna awo anali moyo kaya ayi, pemphero lawo linali ndi kolowera. Ine ndikagwada, n'kutchula akazi anga ndi ana anga, ndikafika pa achimwene lilime linkauma. Ndiwapemphere chitetezo, ngati ali moyo? Ndiwapereke, ngati anapita? Munthu amene ndinkamutchula Loweruka lililonse pamwamba pa phiri, tsopano ndinkamudumpha. Ndipo ndikamudumpha, zotsalazo zinkamveka ngati ndikuwerenga chikalata cha mu ofesi.

Kuthamanga ndinali nditasiya. Nsapato zinali kuseri kwa chitseko, matope a m'phiri ataumirapo. Shuga anakwera, miyendo inayamba kuchita dzanzi, akazi anga n'kumadandaula. Amene anandidzutsa ndi alamu. Tsiku lina ndinapeza nsapato zija zitachapidwa, zili pa zenera.

"Alamu, ndili ndi pempho," anatero. "Akuti ena amene anapulumuka m'matope muja mitu inasokonekera, sakudziwa ngakhale maina awo. Wina wandiuza kuti anaona munthu wofanana nawo ku Limbe. Ngati mutu unayiwala, miyendo siingayiwale. Adzabwerera m'njira zawo zomwe zija, nthawi yawo yomwe ija. Inu ndi amene mukuzidziwa. Muzithamanga, muziyang'ana."

Ndinavomera, koma ndinawauza poyera kuti njira ya ku Soche sindidzapitako. Sanandifunse chifukwa.

Motero ndinabwerera mumsewu, osati ngati wodwala shuga koma ngati mbusa uja anasiya nkhosa zonse n'kukafuna imodzi. Poyamba ndinkachita izi chifukwa cha alamu okha. Koma chiyembekezo chimapatsirana ngati chimfine. Posakhalitsa ndinapezeka ndikusuzumira nkhope za anthu ogona m'makonde a masitolo ku Limbe, amene amafunda makatoni, ndikuchedwa pa khoma la tchalitchi cha ku mishoni, ndikuyang'ana pakati pa mitengo ya ku Kanjedza ngati pali munthu woyenda kapusi ili m'manja. Mzinda umene ndinkaudziwa ndi zipilala zake ndinayamba kuudziwa ndi anthu ake otayika, ndipo ndi ambiri kuposa mmene ndinkaganizira ndili pampando wa mu ofesi.

M'mawa wina, nditangodutsa pa wotchi, ndinaona munthu patsogolo panga akukwera chitunda cha ku mishoni. Msana unali womwewo, kapusi yofiira ngati yawo, ndi kaponyedwe ka mwendo wamanzere kokhotera kunja. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinathamanga monga sindinathamangirepo, chifuwa chikuyaka. Nditamupeza ndinamugwira paphewa. Anatembenuka mnyamata wa ndevu zake zakuda, tizingwe ta nyimbo tili m'makutu.

"Bwanji madala, mpikisano?" anatero akuseka. Atandiyang'anitsitsa anasiya kuseka. "Muli bwinobwino, bambo? Khalani pansi kaye."

Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu. Anaima nane mpaka mpweya unabwerera, osandifunsa kanthu, kenaka anapitiriza ulendo wake.

Ndikamabwerera kunyumba, alamu ankakhala ali pageti ndi tsache, ngakhale panalibe chosesa.

"Mwayendako bwanji, alamu?"

"Ndayendako bwino, alamu."

Funso linali limenelo, yankho linali limenelo. Ankaweramanso n'kusesa pamene asesa kale.

Ku Soche ndinayesako kamodzi ndekha, osauza munthu. Ndinafika pamene phula limathera, ndikuona chipsera chofiira chotsika m'phiri, ndipo miyendo inaima yokha. Kanjira kankadutsa pamene panali nyumba ya achimwene. Ndikafika pamenepo ndidzatani? Ndikathamanga, mwina ndikuponda pamutu pa mwana wa mayi anga ngati ndikuponda msewu wamba. Ndikayenda, kapusi m'manja, ndiye kuti ndawaika m'manda ndekha, mobisa, akazi awo akuwadikira pageti. Panalibe masamba ondiuza chochita. Ndinatembenuka n'kubwerera.

Dzinja lina linabwera n'kupita. Mvula ikamagunda pa malata, m'nyumba mwathu munkakhala zii, aliyense akumvetsera. Kenaka kunazizira, chiperoni chinayamba kutsika. Madzulo ena alamu anaika korona yawo pansi n'kundiyang'ana.

"Njira zonse mwazitha, alamu."

"Ndazitha, ndipo ndazibwereza."

"Yatsala imodzi."

Ndinadziwa njira imene ankanena.

"Ine chichokereni tsiku lija kupita ku Limbe sindinapondeko," anatero. "Ndinkaopa. Koma ngati pali njira imene miyendo yawo ingaikumbuke kuposa zonse, ndi ya kunyumba kwawo. Loweruka mundiperekeze. Kuthamanga sindingathe, muzandipirira."

Tinanyamuka kutangoyera, iwo atavala juzi ndi chitenje, ndi nsapato zansalu za akazi anga. M'njira ankandifunsa zinthu zimene sanafunsepo amuna awo ali pafupi: ankapumira pati, ankamwa madzi pa mpope uti, ankakamba zotani. Ndinawauza za njerwa za ku mishoni, za ambulansi, za ku Kanjedza. Za ku Kanjedza sankazidziwa. Anaima pang'ono.

"Ankayenda? Popanda maliro?"

"Ankayenda, kapusi m'manja."

Tinapitiriza kukwera.

Pamalo paja sindikanapazindikira pakanapanda mtengo wa mapeyala wa aneba awo, umene unatsala m'mphepete, mbali imodzi itasupuka khungwa. Kuyambira pamtengowo mpaka kutsidya kunali chigwembe chachikulu chodzaza miyala, ina yaikulu kuposa minibasi. Udzu unali utamera. Wina anali atalimapo chimanga, mapesi ouma ali chiimire. Chakumunsi anthu anali akuumba njerwa. Ndipo pakati penipeni panadutsa kanjira katsopano, kopondeka bwino, koterera ndi mapazi a anthu.

Alamu anayenda uku ndi uku, akuyang'ana mtengo wa mapeyala, akuyeza ndi maso. Anaima pakanjira pomwepo.

"Khomo linali apa," anatero. "Ngalande inali apo."

Pamene analoza panali mwala wotalika kuposa munthu. Anaugwira ndi dzanja, ngati mmene munthu amagwirira mphumi ya wodwala.

"Mwala uwu unali kuti?"

Ndinaloza kumtunda, kumene chipsera chimayambira, pafupi ndi mitambo. Anayang'ana kumeneko nthawi yaitali, kenaka anatsitsa maso pang'onopang'ono, kutsata njira yonse imene mwalawo unayenda, mpaka pamapazi awo. Ine ndinali nditaona malowa matope ali aawisi. Iwo ankawaona koyamba, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuwerenga zimene ine ndinalephera kuwauza ndi pakamwa.

Nthawi yomweyo kunatulukira njinga yamoto ya kabaza kuchokera kumtunda, itanyamula mayi ndi dengu la tomato, wailesi ikulira nyimbo ya chikondi. Woyendetsayo analiza belu kuti tipatuke. Tinapatuka. Anadutsa pakhomo pa achimwene, tayala likuponya timiyala, nyimbo ija n'kumazimirira kumunsi. Sanalakwe kanthu. Panalibe chomuuza.

Alamu anayang'ana mkwasa wa tayala pa dothi. Kenaka anapita pa mtengo wa mapeyala, nagwira nthambi yam'munsi, n'kuyamba kuikoka. Inali yaiwisi, inkangopindika.

"Ndithandizeni, alamu."

Sindinafunse. Ndinathyola nthambi, iwo akulandira. Anaziyala okha modutsa kanjira, mbali ya kumunsi, mosamala ngati akuyala nsalu pa tebulo losokera. Anatenga zina n'kukayala mbali ya kumtunda. Atatha anabwerera pakati, anakhala pansi pa dothi, natambasula miyendo monga amakhalira amayi pa siwa, namasula mpango kumutu n'kuumanganso. Pamenepo ndi pamene analira. Anaitana amuna awo ndi dzina limene sindinawamvepo akuwatchula, nawafunsa chifukwa chimene sanatsikire pamene mng'ono wawo anawaitana. Ine ndinavula kapusi, n'kukhala pamwala chapatali pang'ono, kumene amakhala amuna.

Kumtunda kunamveka mapazi ambiri ndi nyimbo. Linali gulu la othamanga majowajowa la Loweruka, anyamata ndi atsikana ndi azibambo angapo a mimba ngati yanga yakale, akutsika m'phiri akuimba mopokezana. Wotsogolera ataona masamba anakweza dzanja. Nyimbo inaduka. Anayamba kuyenda mmodzimmodzi, makapusi akuvulidwa, wina akuzimitsa foni m'thumba. Anayang'ana uku ndi uku kufuna nyumba ya siwa, osaiona, koma palibe anathamanga. Bambo wina wachikulire wa m'gululo anapatuka, nanjuta patsogolo panga.

"Pepani, bambo. Kwagwanji kuno?"

Ndinatsegula pakamwa, koma yankho silinali langa. Ndinayang'ana kwa alamu. Anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Amuna anga," anatero. "Anatisiya tsiku la namondwe lija. Ali pansi pano."

Bamboyo anaweramitsa mutu. "Pepani, mayi. Pepani kwambiri." Anakhala nafe kanthawi, anzake akumudikira kuseri kwa masamba achiwiri, ataima chete.

Amayi amene ankatunga madzi chakumunsi anatula zidebe, nabwera kudzakhala pafupi ndi alamu. Ena ankawadziwa, anali aneba akale amene anapulumuka, ndipo aliyense wa iwo anali ndi wake pansi pa miyala yomweyo. Mmodzi wa oumba njerwa anabwera akupukuta manja, nandifunsa chapansipansi ngati amfumu a deralo auzidwa, pakuti masamba sayalidwa popanda iwo kudziwa. Nditamufotokozera, anati ndisadzuke, akawauza yekha. Mayi wina anayamba nyimbo, ndipo ulendo uno palibe anamugwira pabondo.

Ndili pamwala paja ndinakumbukira mtumiki wa Mulungu uja amene anatsogolera anthu m'chipululu zaka zambiri, n'kufera paphiri. Malemba amati Mulungu anamuika yekha, ndipo palibe munthu akudziwa pamene pali manda ake. Ndinali nditawerenga mawu amenewo kambirimbiri ngati nkhani ya munthu wamkulu. Tsiku limenelo ndinawamva ngati nkhani ya munthu wa mipope. Ndinatseka maso. Ndinatchula akazi anga, ana anga, alamu. Nditafika pa achimwene lilime silinaume. Ndinati: Ambuye, ndinkamutchula kwa Inu Loweruka lililonse paphiri lomweli, iye ataima pambali panga, ndipo sanandiletsepo. Zimene munakambirana naye pamene phiri linkatsika, ine sindikuzidziwa. Mwamuika ndinu. Ndamusiya m'manja mwanu.

Mwambo wa mapemphero unachitika patapita masiku, pamalo pomwepo, abale atabwera kuchokera kumudzi. Abusa athu analalikira, bambo mfumu a ku parishi ya alamu anawaza madzi odalitsa pa miyala. Nthochi sitinadule. Akuluakulu anafunsa, alamu anati palibe chifukwa choikira mtengo m'manda pamene mwini wake ali kale m'manda, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Loweruka lotsatira ndinamanga nsapato n'kulowera ku Kamba. Ndinakwera mpaka pamene phula limathera, osaima. Masamba aja anali atafota, mbuzi zitadyako, otsalawo mphepo itawakankhira m'mbali. Pa mtengo wa mapeyala ndinavula kapusi, ndinaika manja kumbuyo, ndinayenda. Anyamata awiri anandipitirira akuthamanga, mmodzi n'kundilimbikitsa kuti ndisafooke, patsala pang'ono. Ndinamukwezera dzanja. Nditadutsa mwala waukulu uja ndinavalanso kapusi, n'kukwera mpaka pamwamba. Chifunga chinali chitaphimba Limbe, koma Ndirande ankaoneka.

Pobwerera ku Chitawira dzuwa linali litakwera. Pageti panalibe munthu. Tsache linali litatsamira khoma, ndipo m'nyumba munkamveka makina osokera a alamu.